Phunziro 14: Gulu la Sitima ndi Khadi Langa

Kwa aphunzitsi ndi makolo

Phunziro ili ndi la masiku asanu, kuyambira Lolemba mpaka Lacisanu. Ana apanga sitima ya dongo ndi njanji ya mapesi, ndipo akhazikitsa gulu lawo. Membala aliyense alandira khadi lonena za iye. Pofika Lacisanu mwana akhale atadziwa zinthu zitatu. Coyamba, kuchula dzina lake, la makolo ake ndi la mudzi wake. Caciwiri, kusiyanitsa zouza anthu onse ndi zosunga kunyumba. Cacitatu, kudziwa munthu womuthamangira akasocera.

Mizere ifupiifupi ana awerenge okha, poyamba onse pamodzi, kenaka mmodzimmodzi. Ndime zitalizitali muwawerengere ndinu akulu, mokweza ndi modekha, ana atakhala pansi.

LOLEMBA: SITIMA

Tiwerenge

Iyi ndi sitima.
Sitima ili pa njanji.
Sitima ili ndi mutu.
Sitima ili ndi mabogi.
Mutu ukukoka mabogi.
Mabogi anyamula malasha.
Mabogi ena anyamula anthu.
Sitima ikulira: piii! piii!
Cokani pa njanji, ana inu!

Tigawe mawu

si - ti - ma
nja - nji
bo - gi
dzi - na
mu - dzi

sa se si so su
ta te ti to tu
nja nje nji njo nju
dza dze dzi dzo dzu

Ndagi

Ndagi! Gize!
Bongololo wa kwathu salowa m'chire, amayenda pa mizere iwiri.
Yankho: sitima.

Ndagi! Gize!
Ndi langa ndithu, koma amalichula kwambiri ndi anzanga.
Yankho: dzina.

Timvere

Kuno ku Angónia kulibe njanji. Mbatatesi, nyemba, cimanga ndi kabici zathu zimapita ku msika pa ngolo ya ng'ombe, pa njinga ndi pa galimoto. Koma m'cigawo cathu ca Tete sitima zilipo. Munthu akatsika mapiri athu ano ndi mseu wopita ku Tete, amafika ku Moatize. Kumeneko ndi kumene amakumba malasha. Njanji inafika ku Moatize m'caka ca 1949.

Kucokera ku Moatize njanji zapita mbali ziwiri. Yoyamba ndi njanji ya Sena. Imatsika mpaka ku mtsinje wa Zambezi, nkuwoloka pa mlatho wa Dona Ana, pakati pa Mutarara ndi Sena, mpaka kukafika ku doko la Beira. Mlatho umenewu unatsegulidwa m'caka ca 1935. Kutalika kwake ndi makilomita opitirira 3 ndi theka. Mwana woyenda pansi angatenge pafupifupi ola lathunthu kuti afike tsidya lina. Pa nthawi ya nkhondo njanji ya Sena inawonongeka, ndipo sitima sizinayende zaka zoposa 20. Itakonzedwa, sitima za malasha zinayambanso kupita ku Beira m'caka ca 2011.

Njanji yaciwiri ndi yatsopano. Imalowa m'dziko la Malawi, nkudutsa pa Nkaya ndi pa Liwonde, nkubwereranso m'dziko lathu la Mozambiki, mpaka ku nyanja ya mcere ku Nacala. Kutalika kwake ndi makilomita 912. Mwambo wotsegulira njanjiyi unacitika m'caka ca 2017.

Zitsulo ziwiri za njanji zimatalikirana mita imodzi ndi masentimita pafupifupi 7. Gudumu la sitima lili ndi mlomo mbali ya m'kati. Mlomo umenewu umatsamira citsulo, motero sitima siitaya njira yake. Sitima ndi yolemera kwambiri. Siingaime msanga ngati njinga. Ndi cifukwa cake pa njanji si posewerera.

Tijambule

Jambulani sitima ya mabogi atatu. M'munsi mwake lembani: sitima.

LACIWIRI: TIPANGE SITIMA YATHU

Timvere

Pa dziko lapansi pali anthu ambiri, ana ndi akulu omwe, amene amakonda kupanga tisitima tating'ono. Amayala tinjanji pa thebulo. Amamanga timilatho, timapiri ndi tinyumba. Zimenezi zinayamba kale. M'caka ca 1891 kampani ya Märklin ya ku Germany inaonetsa tisitima toyenda pa tinjanji tocita kulumikiza.

Ambiri a iwo amatsata muyeso wa 1 pa 87. Ndiye kuti cinthu cotalika masentimita 87, iwo amacipanga cotalika sentimita imodzi yokha. Bogi lotalika mamita 13, kabogi kake kamatalika masentimita pafupifupi 15, ngati pensulo. Mu mzinda wa Hamburg muli nyumba yaikulu, dzina lake Miniatur Wunderland, imene inatsegulidwa m'caka ca 2001. Tinjanji ta m'nyumba imeneyo titati tilumikizidwe mzere umodzi, tingapitirire makilomita 15. Nako ku Maputo, pa siteshoni yaikulu, m'caka ca 2015 anatsegula nyumba yosungiramo zinthu zakale za njanji ya CFM.

Munthu mmodzi sangadziwe zonse. Wina amadziwa kupanga magudumu. Wina amadziwa kupaka utoto. Wina amadziwa kumanga mlatho. Paja mutu umodzi susenza denga. Ndi cifukwa cake opanga tisitima amakhala m'magulu. Munthu akalowa m'gulu amauza anzake dzina lake ndi nchito imene amaidziwa. Pamenepo aliyense amadziwa womufunsa akasowa nzeru.

Ifenso tipanga gulu lathu. Tilibe tisitima ta m'sitolo, koma tili ndi dongo la kudambo, mapesi a kumunda ndi manja athu.

Zofunika

dongo
madzi pang'ono
mapesi owongoka
timitengo tifupitifupi
zitsekero za mabotolo
luzi kapena ulusi
makala ndi phulusa zopakira

Kapangidwe kake

1. Kandani dongo mpaka lifewe. Cotsani timiyala.
2. Umbani mutu wa sitima wotalika ngati cikhatho. Pamwamba ikani kanyumba ka woyendetsa.
3. Umbani mabogi ngati kabokosi ka macesi. Siyani dzenje pamwamba, moikamo katundu.
4. Dongo lisanaume, boolani ndi kamtengo malo a magudumu ndi malo a luzi.
5. Yanikani pamthunzi masiku awiri. Mukayanika padzuwa dongo ling'ambika.
6. Zitsekero za mabotolo ndiwo magudumu. Aboole ndi aphunzitsi kapena munthu wamkulu. Msomali ndi mpeni si za ana.
7. Yalani timitengo mopingasa pa bwalo losesa. Pamwamba pake gonekani mapesi awiriawiri. Imeneyo ndiyo njanji.

Nchito za m'gulu

Gulu lililonse likhale la ana 6, anyamata ndi atsikana pamodzi. Nchito zake ndi izi: woumba mutu, woumba mabogi, woyala njanji, womanga mlatho, woyang'anira siteshoni, woyendetsa sitima. Mtsikana angakhale woyendetsa. Mnyamata angakhale woumba. Muzisinthana kuti aliyense alawe nchito zonse.

LACITATU: KHADI LANGA

Tiwerenge

Ine ndili ndi dzina.
Iwe uli ndi dzina.
Dzina langa ndi labwino.
Dzina lako ndi labwino.
Sitiseka dzina la mnzathu.
Ili ndi khadi langa.
Khadi likunena za ine.

Timvere

Dzina ndi mphatso. Tinapatsidwa ndi makolo, agogo, amalume kapena azakhali. Maina ambiri ali ndi tanthauzo: Cikondi, Madalitso, Mphatso, Cisomo, Mtendere. Ena ndi maina a Cipwitikizi. Ena ndi maina a agogo amene anatisiya. Onse ndi maina aulemu.

Tilinso ndi mfunda, umene ena amati ciwongo: Phiri, Banda, Mwale, Mbewe, Maseko, Ngozo ndi ena ambiri. Amayi timawamva akuitanidwa kuti Naphiri, Nabanda, Nangozo. Mfunda umationetsa acibale athu, ngakhale a kutali.

Membala wa gulu ayenera kudziwika. Bogi likakongola, anthu adziwe amene analiumba. Njanji ikapotoka, tidziwe womuitana. Khadi ndi limene limatithandiza.

Tilembe

Aphunzitsi apereke kapepala kolimba kwa mwana aliyense. Katoni yakale ndi yokwanira. Lembani motere:

Dzina langa ndine ________.
Ndili ndi zaka ________.
Ndili m'kalasi 1.
Gulu langa ndi ________.
Nchito yanga ndi ________.
Ndimakonda ________.

Kuseri kwa khadi dzijambuleni nokha. Amene sanathe kulemba dzina lake, aphunzitsi amulembere ndi timadontho, iye atsate ndi pensulo.

Tiyankhule

Imirirani mmodzimmodzi. Perekani moni. Werengani khadi lanu mokweza. Ena onse akhale cete, kenaka awombe m'manja. Mnzathu wamanyazi tisamukakamize. Angayambe ndi dzina lokha, zina anena mawa.

Makhadi onse tiwapacika pa khoma, pafupi ndi sitima yathu. Taonani bwino: pa khadi palibe dzina la amayi. Palibe njira yopita kunyumba. Palibe nambala ya foni. Kodi taiwala? Iyayi, sitinaiwale. Khadi lili pa khoma, ndipo aliyense wolowa m'kalasi angaliwerenge. Mawa tiphunzira kumene zinthu zimenezo zimakhala.

LACINAYI: PABWALO, PAKHONDE, KUCIPINDA

Timvere

Taganizani za nyumba ya kwanu. Kutsogolo kuli bwalo. Pabwalo pamadutsa aliyense: ogula nkhuku, ofunsa njira, ana osewera. Kenaka pali khonde. Pakhonde timakhazika anthu amene tikuwadziwa, kapena amene abwera ndi nkhani yoyenera. M'kati muli cipinda. Kucipinda salowa mlendo. Amalowa eni nyumba okha.

Nkhani zonena za ife zilinso motero. Zina ndi za pabwalo, zina ndi za pakhonde, zina ndi za kucipinda.

Za pabwalo

Izi tingauze anzathu onse. Izi ndi zimene talemba pa khadi.

dzina langa
zaka zanga
kalasi yanga
gulu langa
masewera amene ndimakonda

Za pakhonde

Izi timauza anthu otithandiza: aphunzitsi, anamwino ku cipatala, amfumu, apolisi. Aphunzitsi amazilemba m'buku lawo, osati pa khoma.

maina a amayi ndi abambo, kapena a amene akundilera
dzina la mudzi wathu
dzina la mfumu yathu
njira yopita kwathu
matenda amene ndimadwala
nambala ya foni ya kunyumba

Za kucipinda

Izi ndi za banja lokha. Sitiuza anzathu. Sitiuza mlendo.

pamene makolo amasunga ndalama
matumba amene abambo agulitsa
tsiku limene akulu acokapo, ife nkutsala tokha
pamene timabisa kiyi
nambala yacinsinsi ya ndalama za pa foni

Cinsinsi cowawa

Ana inu, cherani khutu. Pali cinsinsi cimodzi cimene sitisunga. Munthu akakumenya, akakugwira thupi moipa, kapena akakupatsa kanthu nkunena kuti, "Usakauze amayi ako," cimeneco ndi cinsinsi cowawa. Kanene tsiku lomwelo. Uza amayi, agogo, azakhali kapena aphunzitsi. Woyamba akapanda kumva, uza wina. Ngakhale munthuyo akhale wacibale, nena ndithu. Mwana wonena zimenezi sanalakwe.

Masewera

Aphunzitsi ajambule mabwalo atatu pa dothi: bwalo, khonde, cipinda. Akachula cinthu, ana athamangire pamalo pake. "Ndimakonda mpira!" Pabwalo. "Mfumu ya kwathu!" Pakhonde. "Ndalama za mbatatesi!" Kucipinda. Wosocera asatuluke m'masewera. Anzake amufotokozere cifukwa cake.

Sewero loyamba: Mlendo pa msika

Mlendo: Iwe mwana, tabwera kuno.
Mwana: Wawa. Moni bambo.
Mlendo: Abambo ako agulitsa matumba angati lero?
Mwana: Zimenezo mukafunse amayi. Ali apo, pa tomato.
Mlendo: Nanga usiku mumagona ndi yani kwanu?
Mwana: Pepani bambo, amayi ndiwo angakuyankheni.
Mlendo: Tiye uko ndikakugulire masuwiti.
Mwana: Zikomo, koma sindicoka amayi asanadziwe. Tsalani bwino.

Mwanayu sanatukwane. Wapereka moni, wayankha mwaulemu, wabwerera kwa amayi ake. Alendo ambiri ndi anthu abwino, ndipo kwathu kuno mlendo timamulandira. Koma mlendo wabwino amafunsa akulu nkhani za akulu. Safunsa mwana.

Sewero laciwiri: Ndasocera

Mwana: Zikomo amayi, ndithandizeni. Ndasocera.
Mayi wogulitsa: Usalire, mwana wanga. Dzina lako ndani?
Mwana: Dzina langa ndine ________.
Mayi wogulitsa: Unabwera ndi yani?
Mwana: Ndinabwera ndi agogo anga. Dzina lawo ndi ________.
Mayi wogulitsa: Kwanu ndi kuti?
Mwana: Kwathu ndi kwa ________. Mfumu yathu ndi a ________.
Mayi wogulitsa: Wanena bwino. Khala pamphasa pompano. Ndituma munthu akawafune.

Mwana aliyense acite sewero ili ndi maina a kwawo. Apa za pakhonde zagwira nchito. Ukasocera pa msika wa ku Ulónguè, wa ku Dómuè kapena wa pamalire ku Lizulu, usathamange uku ndi uku. Ima pamodzi. Pempha thandizo kwa mayi wogulitsa amene wakhala pa malo ake, kapena kwa wapolisi wovala yunifolomu. Usakwere galimoto, njinga kapena njinga yamoto ya munthu wosamudziwa. Kufunsa ndi kudziwa njira.

LACISANU: SITIMA INYAMUKA

Timvere: Nkhani yoona

M'dziko lathu munali nkhondo imene inatenga zaka 16. Inatha pa 4 Okutobala 1992, pamene atsogoleri anasaina pangano la mtendere ku Roma. Ndi cifukwa cake caka ciliconse pa 4 Okutobala timakumbukira mtendere. Pa nthawi ya nkhondoyo anthu oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi. Ambiri a kuno ku Angónia anakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pothawa usiku, ana ambiri anasiyana ndi makolo awo.

Kuyambira m'caka ca 1988 boma, pamodzi ndi bungwe la Save the Children, linayamba nchito yofunafuna acibale a ana amenewa. A Cruz Vermelha nawonso anathandiza mabanja kupezana. Ogwira nchitoyi ankakhala pansi ndi mwana. Ankamufunsa dzina lake, maina a makolo ake ndi kumene anacokera. Ankalemba zonse pa pepala, nkumujambula cithunzi. Zithunzizo ankazionetsa m'midzi ndi m'misasa ya othawa nkhondo. Anthu ankabwera kudzaona. Wina ankazindikira mdzukulu wake, wina mphwake, wina mwana wa mnansi wake. Motero ana zikwizikwi anabwerera kwa acibale awo.

Pepala la mwana wodziwa maina linkadzaza msanga, ndipo ofunafuna ankadziwa koyambira. Pepala la mwana wongodziwa kuti "amayi" ndi "kumudzi" linkakhala lopanda kanthu, ndipo nchito inkavuta. Nkhondo imeneyo inatha, koma mwana angasocere pa msika, pa maliro, pa cikondwerero kapena pa ulendo. Dzina lako, dzina la makolo ako ndi dzina la mudzi wako ndiyo njanji yokubwezera kwanu.

Ulendo wa sitima

Dongo lauma. Lowetsani magudumu. Mangani mabogi ndi luzi. Pakani makala ndi phulusa. Konzani masiteshoni atatu: Moatize, Mutarara, Beira. Pakati pa Mutarara ndi Beira ikani mlatho wa Dona Ana. Kamtsinje mukumbe ndi kamtengo.

Wokwera aliyense aonetse khadi lake kwa woyang'anira siteshoni. Woyang'anira awerenge dzina mokweza, nkunena kuti, "Kwerani!" Woyendetsa akoke luzi pang'onopang'ono. Onse ayankhe: piii! piii!

Tiwerengere

1. Mutu ukukoka mabogi 3. Talumikiza ena 2. Mabogi onse ndi angati?
2. Bogi limodzi lili ndi magudumu 4. Mabogi 2 ali ndi magudumu angati?
3. M'gulu muli ana 6. Ana 4 alemba makhadi awo. Atsala angati?
4. Sitima inali ndi mabogi 9. Pa Mutarara yasiya mabogi 3. Yatsala ndi angati?

Mawu m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi

sitima: comboio
njanji: linha férrea
bogi: vagão
mlatho: ponte
siteshoni: estação
dzina: nome
mudzi: aldeia
banja: família
gulu: grupo
khadi: cartão
cinsinsi: segredo

Dzina lako ndani?: Como te chamas?
Dzina langa ndine...: Chamo-me...
Umakhala kuti?: Onde moras?
Ndimakhala ku...: Moro em...
Ndithandizeni: Ajude-me.

Ana anene mawu amenewa pakamwa pokha. Wothandiza wina, makamaka m'tauni, mwina sangamve Cinyanja.

Mafunso

1. Kodi ku Angónia kuli njanji?
2. Malasha amakumba kuti?
3. Mlatho wa Dona Ana uli pa mtsinje wanji?
4. Cifukwa ciyani sitisewera pa njanji?
5. Chulani zinthu ziwiri za pabwalo.
6. Chulani zinthu ziwiri za pakhonde. Timauza yani?
7. Mlendo akakufunsa za ndalama za makolo, umuyankha ciyani?
8. Ukasocera pa msika ucita ciyani coyamba?
9. Ndi cinsinsi cotani cimene sitisunga?

Nchito ya kunyumba

Funsani amayi, abambo kapena agogo: Anandipatsa dzina ndani? Limatanthauza ciyani? Mfunda wathu ndi uti? Mfumu yathu ndani? Mtsinje kapena phiri la pafupi ndi kwathu, dzina lake ndi ciyani? Lolemba mudzauze aphunzitsi.

KWA INU MAKOLO

Inu amayi, abambo, agogo ndi nonse olera ana, phunziro ili silingathe popanda inu. Tikupemphani zinthu zisanu ndi cimodzi.

Coyamba, uzani mwana dzina lanu lenileni. Pa mwambo wathu mwana sachula dzina la munthu wamkulu, ndipo mwambo umenewu ndi wabwino. Koma cifukwa ca ulemu womwewo ana ambiri amangodziwa kuti "amayi" kapena "Naphiri". Pa msika umodzi a Naphiri angapezeke khumi. Muuzeni kuti akasocera, kapena akafunsidwa ku cipatala, kuchula dzina lanu si mwano. Muzimufunsa madzulo pamoto, ngati masewera, mpaka lilowe m'mutu.

Caciwiri, dzina likhale limodzi pa mapepala onse. Mwana angakhale ndi dzina la kunyumba, la ku chalichi ndi la masewera. Palibe colakwa. Koma dzina la m'buku la sukulu lifanane ndi la pa khadi la ku sikelo ndi la ku Registo Civil, cilembo ndi cilembo. Maina akasiyana, vuto limadzaoneka pa nthawi ya mayeso ndi potenga citupa, mwana atakula kale.

Cacitatu, kalembetseni mwana ku Registo Civil ngati simunatero. Pangano la maiko onse la ufulu wa ana, la m'caka ca 1989, limanena kuti mwana alembetsedwe akangobadwa, ndipo akhale ndi dzina ndi dziko. Dziko lathu linavomereza pangano limeneli m'caka ca 1994. Pepala la kubadwa lisungeni mouma, m'pulasitiki, kutali ndi ciswe ndi makoswe.

Cacinayi, auzeni aphunzitsi za pakhonde. Ngati mwana amadwala mphumu kapena khunyu, ngati samva bwino kapena saona bwino pa bolodi, aphunzitsi adziwe kuti amuthandize. Zimenezi zimalembedwa m'buku la aphunzitsi. Sizipacikidwa pa khoma, ndipo sizinenedwa pamaso pa ana ena. Nenaninso munthu amene mwamulola kudzatenga mwana pa sukulu.

Cacisanu, samalani ndi foni. Foni ndi bwalo lalikulu kuposa msika. Cithunzi mukaciika pa Facebook kapena kucitumiza pa WhatsApp, cimafika kwa anthu amene simukuwadziwa, ndipo kucibweza ndi kovuta. Musaike cithunzi ca mwana pamodzi ndi dzina lake lonse, dzina la sukulu ndi njira imene amayenda. Musaike cithunzi ca mwana wosavala. Musajambule mapepala ake a kubadwa nkuwatumiza m'magulu. Nambala yacinsinsi ya M-Pesa kapena e-Mola musaichule mokweza ana ali pomwepo. Muuzeni mwana kuti munthu akaimba foni nkupempha kuti amuwerengere manambala a mu uthenga, iye ayankhe kuti, "Dikirani amayi abwere," basi.

Cacisanu ndi cimodzi, mwana akakuuzani cinsinsi cowawa, mumvereni mpaka amalize. Musamukalipire, musamumenye. Mukamukalipira lero, mawa sadzanenanso. Pitani naye ku cipatala ngati wavulala, ndipo kauzeni apolisi. Mungathenso kuimba pa nambala 116, Linha Fala Criança. Kuimba kwake ndi kwaulere.

Pofotokoza zonsezi musamuopseze mwana. Tikufuna mwana wopereka moni, wodziwa dzina lake ndi kwawo, wodziwanso kunena kuti, "Mukafunse amayi." Nkhani ya nthawi ya nkhondo, agogo amene afuna kuinena ainene mofatsa. Amene safuna asakakamizidwe.

Sitima ya gulu ikhala m'kalasi mpaka kutha kwa mwezi. Bwerani mudzaione, ndipo mwana wanu akuwerengereni khadi lake. Pobwera mutitengereko zitsekero za mabotolo ndi makatoni akale, cifukwa gulu lililonse likufuna kuwonjezera mabogi.